Nyumba za okalamba pambuyo pa Freddy: pomwe ntchito ya mpingo yafika

Epulo 2023

Seshoni, bwalo la abusa ndi akulu a mpingo, yavomereza kuti mpingo wathu wa CCAP umangire nyumba okalamba omwe nyumba zawo zinagwa ndi namondwe wa Freddy. Komiti ndi ya anthu khumi: akulu a mpingo awiri, atumiki awiri, amayi atatu a Mvano (bungwe la amayi a mpingo), achinyamata awiri, ndi ine mlembi. Ndizilemba pano momwe zikuyendera kuti aliyense amene waponyapo kangachepe, kaya ali konkuno ku Chiradzulu, ku Limbe kapena ku Joni, azidziwa komwe ndalama yake yapita.

Namondweyu atalowa kumtunda cha ku Quelimane, m'dziko la Mozambique, pa 11 Malichi, mvula kuno inagwa usana ndi usiku osakata. Ku Chilobwe, m'munsi mwa phiri la Soche, komanso kwa Ntauchira m'boma lathu lomwe lino, matope ndi miyala zinatsika m'phiri n'kukwirira anthu. M'dziko lonse anthu oposa 1,000 anataya miyoyo, ndipo oposa theka la miliyoni anasowa pogona, ambiri n'kuthawira m'masukulu ndi m'matchalitchi. Midzi ya mpingo wathu phiri silinaigwere. Kuno nyumba zinagwa ndi chinyontho basi.

Tisanalembe bajeti tinayenda m'mabwinja ndi mmisiri wathu, yemwenso amaimba besi mu kwaya. Nyumba zonse zinagwa mofanana. Njerwa zake zidina, zomangira dothi, maziko olowa pansi mizere iwiri yokha, khonde palibe, denga lothera pakhoma penipeni. Madzi atakhazikika pabwalo masiku angapo, zidina za pansi zinasanduka phala, khoma n'kukhala pansi. Pena denga tinalipeza lathunthu, litangogona pamwamba pa mulu wa dothi. Nyumba za njerwa zootcha zokhala ndi maziko a simenti, ngakhale zakalekale, zambiri zikadali chilili.

Mtsutso woyamba unabuka pomwepo. A tcheya anafuna nyumba khumi za zidina, zimangidwe msangamsanga kuti agogo asalowe m'chisanu cha Juni akugona m'kalasi. Mtima wawo unali wabwino, ndipo theka la komiti linali mbali yawo. Mmisiri anangoti, "Bambo tcheya, mukandituma ndimanga. Koma zikadzagwa chaka chamawa dzina langa musadzalitchule." Tamanga mfundo ya nyumba zisanu, za zipinda ziwiri ndi khonde, maziko a miyala ndi simenti. Ine ndinavotera zisanu. Gogo wa zaka 80 sitingamamumangire chaka ndi chaka.

Meyi 2023

Mwezi uno sitinagwire khasu kapena fosholo. Wonse wathera pa mndandanda wa maina.

Milaga, magawo a mpingo wathu m'midzi, inabweretsa maina 23, ndipo dzina lililonse lili ndi nkhani yake yomvetsa chisoni. Tinagwirizana kuyang'ana ukalamba kapena ulumali, komwe munthuyo akugona panopa, ndiponso ngati ali ndi mwana wamphamvu zake woti n'kumumangira. Mndandandawo tinapita nawo kwa mafumu ndi ku komiti ya m'mudzi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, kuopa kumangira munthu amene walembedwa kale ndi boma kapena bungwe lina. Maina ena anachoka motero. Ena anachoka chifukwa ana awo ali pantchito m'tauni. Amenewo akulu a mpingo awaimbira foni kuwakumbutsa kuti mayi awo akugona m'khitchini.

Pa asanu otsalawo, atatu ndi a mpingo wathu, mmodzi ndi wa Katolika, ndipo mmodzi ndi Msilamu, gogo wosaona bwino amene akulera zidzukulu zitatu. Lamulungu lomwe maina anawerengedwa, anthu anatuluka m'tchalitchi akung'ung'udza. Ku seshoni mkulu wina analankhula poyera: "Abusa, ndalama za chopereka chapadera cha pepa sande anapereka ndi akhristu athu. Kodi kumzikiti kulibe anthu?" Abusa sanafulumire kuyankha. Amene anayankha ndi mayi wa Mvano yemwe anaitanidwa kudzapereka lipoti la komiti: "Bambo mkulu, pa maliro a amuna anga, amene anagona nane pansi usiku wonse ndi gogo ameneyu. Sanandifunse komwe ndimapemphera." Dzinalo latsala pa mndandanda. Si onse amene akhutira. Banja lina, lomwe azakhali awo sanasankhidwe, lasiya kubwera ku mlaga.

Palinso nkhani ya malo. Kuno malo amayendera kuchikazi, ndipo nyumba yabwino ikaima pamalo a mbumba eni ake amachuluka. Si zachilendo kuona gogo akubwezedwa m'khitchini, m'nyumba yamalata n'kulowamo mdzukulu ndi mwamuna wake. Choncho pa nyumba iliyonse mwinimbumba ndi a mfumu asayina kalata yoti gogoyo akhalamo moyo wake wonse, ndipo ana amasiye amene akuwalera sadzathamangitsidwa iye akadzapita. Kalata imodzi ili kwa a mfumu, ina mu ofesi ya mpingo.

Juni 2023

Kuumba njerwa kwayamba. Mlaga uliwonse uli ndi Loweruka lake, ndipo achinyamata amabweranso Lachitatu masana. Zikombole tili nazo zinayi, zamatabwa, zotulutsa njerwa ziwiriziwiri. Abambo amakumba ndi kuponda dothi, anyamata amaumba ndi kuyala, amayi amatunga madzi. Papepala zikuoneka ngati ntchito yagawidwa bwino, koma ayi. Mjigo uli kutali ndi poumbira, ndipo dothi limamwa madzi modabwitsa. Amayi amayamba kutunga kusanache. Abambo akamafika migolo imakhala itadzadza kale, ndipo abambo akamapukuta thukuta kuti aweruke, amayi omwewo amakhala ali pamoto. Anyamata awiri a kabaza avomera kunyamula zigubu m'mawa asanapite pa siteji. Zathandiza ndithu, koma abambo ena atanyamulako ndowa sangafe nazo.

Chiperoni chatibweza m'mbuyo. Kamvula kowaza ndi nkhungu zinakhazikika, njerwa zosauma zinafewa, zina n'kumaphwanyika pozitembenuza. Tsopano madzulo aliwonse tikuzifunditsa udzu ndi mapepala a pulasitiki.

Nkhuni nazo zinatikhalitsa pansi. Uvuni umadya mitengo, ndipo tonse tikudziwa momwe mapiri athu ametedwera ndi makala ndi nkhuni. Mphunzitsi wina wa mu komiti anatikumbutsa kuti kuyambira 2018 malamulo saloleza njerwa zootcha pa zomangamanga za boma ndi zamalonda. Nyumba ya gogo sili m'gulu limenelo, komabe mfundo yake ndi yomveka. Tinawerengera mabuloko a simenti, ndalama yomwe tili nayo n'kungokwana nyumba ziwiri. Tagwirizana kuotcha uvuni umodzi wokha, ndi bulugamu wa m'munda wa mpingo amene amaphukanso pachitsa, osagula ngakhale chikuni chimodzi cha m'phiri. Njerwa zoperewera titenga ku nyumba yakale ya mlaliki yomwe inaphwasulidwa. Ana a Sande Sukulu akuzipala dothi ndi kuzisanja.

Polimbikitsa anthu, abusa anatchula tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre. Chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891, ndi njerwa zoumbidwa ndi kuotchedwa pomwepo, motsogozedwa ndi David Clement Scott amene sanaphunzire za zomangamanga, pamodzi ndi amisiri a dziko lino. Mpaka lero anthu akupempheramo. Mnyamata wina kumbuyo anafunsa ngati anthu ajawo ankalipidwa. Anthu anaseka, abusa nawonso anaseka, koma mnyamatayo sankachita nthabwala.

Julayi 2023

Pa 6, tchuthi chokumbukira ufulu, anthu anabwera ochuluka kuposa tsiku lina lililonse, ndipo maziko a nyumba zitatu anakumbidwa. Sitinakumbe pomwe panali nyumba zakale. Mmisiri wasunthira iliyonse pamalo okwera, ndipo kumtunda kwake tikumba ngalande yopatutsa madzi. Agogo ena anakanitsitsa kuchoka pafupi ndi mtengo wa mango womwe anabzala malemu amuna awo. Tangosuntha mapazi ochepa n'kukweza maziko kuposa enawo.

Miyala ya ku kwale ya ku Njuli sili kutali, koma ndalama ya lole ndiyo yatilepheretsa. Tatola miyala m'minda ndi m'mphepete mwa mtsinje. Mchenga ndiye sitinavutike nawo: madzi osefukira anauunjika m'madimba a anthu, moti eni ake akuchita kutithokoza tikamawola.

Kamangidwe kake ndikalembe bwino, chifukwa mipingo ina yayamba kufunsa. Maziko akulowa pansi mpaka pa dothi lolimba. Akumangidwa ndi miyala, ndipo matope ake ndi muyezo umodzi wa simenti pa miyezo 6 ya mchenga. Akatuluka pamwamba pa nthaka mizere inayi, tikuyala pepala lakuda la pulasitiki loletsa chinyontho kukwera m'khoma. Kuchokera apo khoma likumangidwa ndi njerwa zootcha ndi dothi wamba, kunja tidzapaka pulasitala. Ndiye kuti simenti yambiri ikuthera pansi pomwe sipaoneka, ndipo obwera kudzaona ntchito amafunsa kuti matumba onse aja apita kuti. Ena amafunsa mokoma, ena moloza chala. Msungichuma tsopano sasiyana ndi kope lake, ndipo matumba opanda kanthu tikuwasunga kuti wofuna aziwerenga yekha.

Ogasiti 2023

Ntchito yazilala. Maliro awiri otsatizana anatiimitsa, poti palibe angagwire njerwa m'mudzi muli zovuta. Nandolo nayenso wacha, anthu ali m'minda ndi pa sikelo za mavenda.

Achinyamata achepa kwambiri. Nditafunsa mtsogoleri wawo, anandiuza mosabisa: "Bambo mlembi, kukampu mabungwe ankatipatsa alawansi tikangotsitsa matumba. Kuno tikubwerako ndi matuza okha." Akulu ena anapsa mtima, amvekere ntchito ya Mulungu salipiritsa. Ine anyamatawa sindikuwaona ngati aulesi. Ambiri sali pantchito. Tsiku lomwe ali nafe ndi tsiku lomwe sanapite kuganyu, ndipo madzulo kunyumba kumafunika ndiwo ndi sopo. Ife olandira pakutha pa mwezi kulalikira za kudzipereka sikutivuta.

Alawansi sitingakwanitse, ndipo tikangoiyamba sitidzaisiya. Tagwirizana zina. Chakudya chamasana chizikhala chokhutitsa, nsima ya nyemba kapena nandolo, ndi thobwa lophikidwa ndi mlaga wa tsikulo. Mmisiri wavomera kuphunzitsa achinyamata anayi, anyamata atatu ndi mtsikana mmodzi, kuyala njerwa, kukoka chingwe ndi kugwiritsa ntchito levulo, kuti ntchito ikamadzatha adzakhale ndi luso m'manja. Mtsikanayo ndi amene mizere yake ikuwongoka kwambiri, ndipo anyamatawo sakukondwa nazo.

Sepitembala 2023

Nyumba yoyamba yafoleredwa. Malata tinagula ku Limbe, a geji 28. A geji 32 ndi otchipa koma opyapyala, mphepo yamkuntho imawang'amba pa msomali. Denga talimangirira kukhoma ndi waya wolowa mizere ingapo pansi, osati kungosanjika miyala pamwamba monga ambiri amachitira, ndipo latuluka kunja mokwanira kuti mvula isamamenye khoma. Malata akale amene anapulumuka tawawongola, afolera khitchini ndi chimbudzi.

Yachiwiri ili pa linta, yachitatu pa mawindo.

Okutobala 2023

Lolemba pa 16, tchuthi cha Tsiku la Anakubala, tinapereka nyumba ziwiri. Amayi a Mvano anabwera atavala zoyera ndi zakuda zawo, atasenza mphasa, mabulangete, ndowa ndi ufa. Yachiwiriyo ndi ya gogo wachisilamu uja. A shehe anabwera ndi anthu awo, ndipo dzenje la chimbudzi chake anakumba ndi anyamata a kumzikiti. Banja lomwe linanyanyala mu Meyi silinabwererebe ku mlaga. Akulu a mpingo akuliyenderabe.

Nyumba sitikuipereka popanda chimbudzi cha silabu ndi mpondagiya. Kolera yomwe inayamba mu Malichi 2022 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo kuno kwathu Freddy anagwetsa zimbudzi pafupifupi pakhomo paliponse, ngakhale pomwe nyumba inapulumuka.

Novembala 2023

Pa 9 kwacha inagwa ndi 44 peresenti. Ku akaunti tinali ndi ndalama zomwe tinawerengera kuti zikwana simenti ndi malata a nyumba yachitatu ndi yachinayi. Sabata yotsatira ku Limbe mitengo inali ina, ogulitsa ena atabisa katundu kudikira kuona komwe zinthu zikulowera. Mafuta atakwera, galimoto yonyamula katundu nayonso inakwera. Ndalama ya nyumba ziwiri yangomaliza imodzi, n'kutsalako pang'ono.

Ndalamayo inakhala ku banki chifukwa lamulo la mpingo limati isatuluke mpaka seshoni itakumana ndi kuvomereza, kenako osayina atatu apezeke pamodzi. Lamuloli ndi labwino, linaikidwa pa zifukwa zomwe achikulire akuzikumbukira. Koma limateteza kwa wakuba wa manja okha. Tapempha, ndipo seshoni yalola, kuti ndalama ya nyumbazi ikangolowa tizigula malata, misomali ndi waya nthawi yomweyo n'kusunga m'chipinda cha kuseri kwa tchalitchi, malisiti aziperekedwa pa msonkhano wotsatira. Simenti yokha ndiyo sitingaunjike, imauma m'thumba ikakhalitsa.

Abale a ku Joni atamva anatumizanso, ndipo randi yawo tsopano ikusintha ndalama zambiri. Zikomo kwambiri. Zonse zolowa pa Airtel Money ndi pa Mpamba msungichuma akuziwerenga m'tchalitchi Lamulungu loyamba la mwezi, osatchula maina a amene anapempha kuti asatchulidwe.

Nyumba yachitatu yafoleredwa mvula yeniyeni isanayambe, ndipo agogo a Katolika aja alowamo. Yachinayi yaima pa mawindo. Pamwamba pa makoma tafunditsa pulasitiki n'kusanjikapo njerwa. Taimitsa ntchito. Anthu ali kumunda ndi pamizere ya feteleza wotsika mtengo wa boma wa AIP, ndipo kuwaitana tsopano n'kuwachimwitsa.

Januwale 2024

Pa 15, tsiku lokumbukira John Chilembwe, ena anapita kumwambo ku mishoni yake ya PIM ku Mbombwe. Otsalafe tinabzala mbande za mibawa, kesha ndi mango m'munda wa mpingo komanso kuzungulira nyumba zitatu zija, kubweza zomwe uvuni unadya. Mvula yayamba kudumphadumpha.

Malichi 2024

Ng'amba yavuta. Chimanga chinafota nthawi yomasula, ndipo minda yambiri yomwe Freddy anakokolola chaka chatha chaka chino yapsa ndi dzuwa la El Niño. Pulezidenti Lazarus Chakwera walengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Mbande zathu zambiri zauma, zapulumuka zomwe zili pafupi ndi makomo chifukwa zidzukulu zimathirira madzi otsukira mbale.

Ku seshoni kunabwera pempho loti ndalama yotsala ya nyumba igule chimanga. Mayi wa Mvano amene amayendera odwala anati, "Abusa, agogo aja tawamangira nyumba yokongola, koma dzulo ndawapeza atagona ndi njala m'nyumba yomweyo." Palibe anamutsutsa. Vuto linali lakuti ndalamayo anthu anapereka pa dzina la nyumba. Ukaisintha mwakachetechete, ngakhale pa chifukwa chabwino, mawa ukaitanitsa pepa sande anthu amangokuyang'ana. Choncho tinalengeza m'tchalitchi ndi pa gulu la WhatsApp, n'kufunsa eni ake. Ambiri anavomera kuti gawo limodzi mwa magawo atatu ligule chimanga, zotsalazo zisakhudzidwe. Chimangacho chagawidwa kwa okalamba onse 23 a pa mndandanda woyamba uja, osati asanu okha. Amayi a Mvano nawo apangana kuti pa tsiku lawo la mapemphero aliyense azibwera ndi kapu ya ufa.

Tayenderanso nyumba zitatu zomwe zinatha. Palibe mng'alu, makoma ndi ouma. Koma tisadzitame: mvula ya chaka chino inali yochepa, nyumbazi sizinayesedwe. Ngalande za kumtunda zakwiririka ndi dothi, mlaga wapafupi uzifukula. Felemu ya chitseko cha nyumba yoyamba yalowa chiswe. Taipaka oilo wakuda wa galimoto, ndipo mafelemu otsala tiziwapaka tisanawaike.

Juni 2024

Zopereka za masika zachepa kwambiri. Pomwe zaka zina pakhomo la tchalitchi pamadzadza matumba, chaka chino anthu abwera ndi timabeseni, ena maungu ndi mbatata. Chaka chinonso CCAP ikukwanitsa zaka 100 chikhazikitsidwire mu 1924, ndipo mpingo uli ndi zopereka zina za chikondwerero. Matumba a akhristu ndi omwewo, choncho pepa sande ina sitiitanitsa mpaka nandolo atagulitsidwa.

Nyumba yachinayi yayambanso. Akumanga ndi awiri mwa achinyamata aja, mmisiri amangobwera kudzaona ngodya ndi linta. Wachitatu wapeza ganyu yomanga ku Limbe, ndipo tamulola ndi mtima woyera.

Gogo wa nyumba yachisanu anamwalira mu Epulo, akugonabe m'kachisakasa kuseri kwa nyumba ya mng'ono wake. Pamaliro pomwepo munthu wina anandiuza kuti tikadamvera a tcheya chaka chatha, gogoyu akadamwalirira m'nyumba yake, ngakhale ya zidina. Mawuwa ali ndi choonadi chake, ndipo ndawalemba momwe ananenedwera. Maganizo anga pa nkhani ya maziko sanasinthe, koma komiti yagwirizana kuti m'tsogolo muno amene ali wodwalika azimangiridwa poyamba, osatsata kuyandikira kwa mchenga ndi madzi monga zinalili pa ndondomeko yoyamba.

Seshoni yagamula kuti nyumba yachisanu imangidwebe, ikhale ya zidzukulu ziwiri zomwe malemuwo ankalera, ndipo mng'ono wawo uja ndi amene aziziyang'anira. Kalata ya kwa a mfumu ilembedwanso m'maina a anawo, mwinimbumba ali pomwepo.

Njerwa zotsala zikwana nyumba zonse ziwiri. Misomali ndi waya zilipo. Malata a nyumba yachinayi ali m'chipinda. A yachisanu tikusowa 18 a mafiti 10. Simenti ikufunika matumba 12 a maziko a yachisanu ndi 6 a pulasitala ndi pansi pa yachinayi, komanso zitseko ziwiri ndi silabu imodzi ya chimbudzi. Amene ali ndi wilibala yoti n'kubwereka auze mtumiki wa mlaga wake, poti yathu yathyoka mwendo.

Loweruka likubwerali ndi la mlaga wa kumtunda, ntchito yake kukumba maziko a nyumba yachisanu ndi kututa miyala. Tiyamba 6 koloko m'mawa. Bwerani ndi makasu, ndowa ndi mbale zanu, ndipo abambo anayi oyamba kufika apita kumjigo.